Chumuni Changa ndi Munda wa Eilert

Dakota, 9 Meyi 1887

Wokondedwa mng'ono wanga Tordis,

Eilert, mlongo wathu yemwe uja, amene ndakhala ndikumusokera zigamba chimwalirire mayi, wandichitira umboni wabodza pamaso pa boma. Ndayamba ndi iyeyo kuti chindichoke pakhosi.

Tsopano moni. Uli bwanji ku Minneapolis? Chifuwa chija chinakuleka? Nanga azakhali a Oline miyendo ikuwalola? Kuno bambo ali bwino, kupatula bondo lija. Ine ndiye ndili bwino mopitirira.

Munda wanga sunapite, Tordis! Maekala 160 onse, chitsime, ndi timitengo tanga khumi ndi tiwiri tija.

Lamulo ukulidziwa. Ukalembetsa malo ukhalepo zaka zisanu, ndipo ukachokapo kupitirira miyezi isanu ndi umodzi, aliyense akhoza kukusumira n'kuwatenga. Ukudziwanso kuti pakati pa sabata ndimaphunzitsa kutauni, koma Lachisanu lililonse ndimabwerera wapansi, kaya kuli chipale kaya mphepo, kudzagona m'nyumba yanga ya zibuma, ndikusonkhezera udzu wopota m'mbaula.

Ndiye Sigvald, mlongo wake wa mkazi wa Eilert, wa makutu ngati zogwirira mphika uja, anakasuma kuti malo ndinawathawa. Mboni yake? Eilert. Akuti mkazi wosakwatiwa munda ngwachiyani, ine changa n'kukalamba ndi choko m'manja.

Lachiwiri tinakaonekera ku ofesi ya malo. Eilert anafika atavala jekete la ukwati, tsitsi lili noninoni, n'kuika dzanja pa Baibulo. Anati nyengo yonse yachisanu, kuyambira Okutobala mpaka Epulo, chumuni changa sichinatulutse utsi ngakhale tsiku limodzi.

Mkulu wa ofesiyo anandifunsa ngati ndili ndi funso. Ndinaimirira mwaulemu ngati ndili m'tchalitchi, n'kufunsa achimwene anga okondedwawo kuti chumunicho ankachiona ali pati, poti munda wawo uli mailosi asanu ndi limodzi kuseri kwa chitunda. Iye kuseka. Akuti aphunzitsi asadzione kuchenjera, ankachionera pazenera la kwa apongozi ake, m'mawa uliwonse akumwa khofi. Ndinati uliwonse, achimwene? Akuti uliwonse, miyezi isanu ndi iwiri yathunthu osaphonya, wokayika akafunse apongoziwo.

Mkulu uja anavula magalasi, n'kumufunsa kuti nanga miyezi isanu ndi iwiriyo, pamunda wa iyeyo pankagona ndani.

Ukanamuona! Anafiira mpaka m'khosi. Anayamba zoti ayi, si tsiku lililonse kwenikweni, mwina kawiri pamwezi, mwinanso anali Novembala yekha. Mkuluyo anati mboni yotembenuka ngati mphepo ya kuno sangalandire nayo munthu malo. Mlandu unathera pomwepo. Panja alimi anzathu ankamufunsa ngati khofi wa kwa apongozi amakoma chotero, nawonso akalaweko.

Tsono ndiulule. Funso limenelo ndinalinola sabata yathunthu. Ndinkadziwa dzenje limene lidzamugwetsemo, ndipo sindikupepesa. Koma titafika kunyumba n'kumasula ng'ombe pangolo, bambo anandikumbutsa mmene tinafikira pachidikha pano, ndi bokosi limodzi la ku Norway, popanda ndi mtengo womwe woti n'kubisalapo, mayi akutifunditsa chinsalu cha ngolo. Kenako anandifunsa ngati ndikukumbuka kuti mayiwo tinawaika pangodya ya munda wa ndani.

Wa Eilert, Tordis. Mu mkwiyo wanga zimenezo zinandichoka m'mutu.

Ndipo imva izi. Sigvald yemweyo, poona kuti wanga wamukanika, tsopano maso ali pa wa Eilert! Mboni sadzasowa, poti mlamu wakeyo ankadya patebulo pawo chisanu chonse. Eilert anathamangira kwa bambo akulira, akuti munthuyo ndi njoka. Ine ndinangomufunsa kuti wazindikira liti.

Njira ilipo imodzi yokha. Eilert asayine kuti malowo wawasiya, ndipo ola lomwelo mmodzi wa ife alembetse, Sigvald asanasume. Bambo ndi ine tinalembetsa kale, lamulo silola kawiri. Watsala iwe. Unakwanitsa zaka 21 mu Malichi, ndipo sunakwatiwe. Sigvald akudikira amalize kufesa tirigu, ndiye tili ndi masabata awiri, mwina osakwana.

Siya kutsuka mbale za eni ake, ukwere sitima ya Lolemba. Ndikakuchingamira ndi ngolo. Nyumba ilipo kale, mvula ikagwa denga limadontha matope, koma likhala denga lako. Ndikuphunzitsa kupota udzu, ndikupatsa nkhuku zitatu ndi tambala wolongolola ngati ine. Tangoganiza, ana aakazi awiri a bambo athu a Knut, aliyense ndi munda wakewake! Azimayi a kutchalitchi adzatsamwa nayo nkhani imeneyi. Ubwere ndi nsapato zolimba, komanso mbewu za maluwa zoti tikabzale pamanda a mayi.

Undiperekere moni kwa azakhali, uwauze kuti sindikukuba, ndikukubweza kwanu. Moni kwa mnzathu Aslaug ndi ana ake. Mulungu akusunge panjira, akufikitse msanga.

Eilert wavomera kusayina. Dzulo anabwera, chipewa chili m'manja, akuti achemwali mundikhululukire. Ndinamuuza kuti pempho lake ndalilembetsa, adikire zaka zisanu ngati wina aliyense, ndipo asachokepo. Za iyeyo ndalemba komaliza. Ukafika usandifunse, sindidzazitchulanso.

Ndine mkulu wako wokukonda,
Borghild