Njovu ya M'chivundikiro

Lolemba, 24 Okutobala 1994

Holide. Wailesi ikuti dziko lakwanitsa zaka makumi atatu. Ine ndakwanitsa masiku makumi anayi opanda mkazi wanga Eneless. Za ine palibe woimba ng'oma.

Ba Regina, mkulu wake wa Eneless, abwera m'mawa kudzandiona. Andiona pang'ono, kenako ayamba kuona m'nyumba. Zotsala n'zochepa. Mapoto, zitenje, nsapato, ngakhale sefa, anatenga kale tsiku logawa katundu. Makina osokera okha ndiwo anatsala, chifukwa ndi achitsulo ndipo tsiku lija panalibe galimoto. Komanso E. ananena yekha kuchipatala ku Mpanshya, Ba Regina ali pomwepo: "Makina asachoke m'nyumba." Makutu a mlamu wanga amamva bwino mawu a angelo. A m'bale wawo anawapita.

Lero atsegula chivundikiro cha makinawo. M'kati muli kachithunzi komata, kochepa ngati bokosi la machesi: munthu wonenepa wa mutu wa njovu, atakhala pansi, khoswe ali kumapazi kwake. Pamwamba pake kadontho kofiira kofwifwa. Kakhala mmenemo zaka khumi ndi ziwiri, kuyambira pamene Mai Hansa, mmwenye wa ku Kamwala ku Lusaka amene E. ankasoka m'sitolo mwake, anamupatsa makinawo tikusamukira kuno ku Chinyunyu.

Ba Regina adumpha ngati aponda khala la moto. "Yesu! Mulamu, ndiye ichi! Ndiye chamene chinadya m'bale wanga!"

Dokotala anati chifuwa chachikulu. Koma dokotala sanatsegule chivundikiro.

Malaya anga abuluu akadali pansi pa singano pamene E. anawasiya, dzanja limodzi losalumikiza. Sindinawakhudze.

Lachitatu, 26 Okutobala

Ba Regina abwera ndi Ba Pasita Gabson a tchalitchi cha malata cha pamsewu. Zaka zitatu zapitazo anali kondakitala wa minibasi ya Lusaka ndi Luangwa. Mawu sanasinthe, asintha kopita basi. Jekete yawo yakuda yang'ambika m'khwapa la kumanzere, choncho potamanda amakweza dzanja lamanja lokha. Lamanzere limatamanda chamunsi.

Ayang'ana kachithunzi ali chapatali, manja kumbuyo. Akuti njovuyo ndiyo inatseka mimba ya Eneless zaka zonsezi, itatopa n'kumudya. Nkhani ya ana anainena mosavuta, ngati akunena mtengo wa tikiti.

"Munapemphera, Ba Bornwell?"

"Ndinapemphera."

"Koma na chikhulupiriro? Mukanakhala nacho, sembe ali moyo."

Amayi awo a Ba Pasita anamwalira chaka chatha, mpingo wonse utasala kudya masiku atatu. Ndinakumbuka, koma sindinanene. Ndinawapatsa madzi akumwa.

Chigamulo: Lamulungu la pa 6 makina apite kutchalitchi akatulutsidwe chiwanda. Akatero akasungidwe kwa Ba Regina, "kuti aziyang'aniridwa." Kwaya ikufuna mayunifomu makumi awiri a Khisimasi, ndipo mkulu wa kwaya ndi Ba Regina. Chiwanda ichi chadziwa nthawi yoonekera.

Ndinangoti ndamva. Ndine munthu wa "ndamva." E. ndiye anali ndi pakamwa m'nyumba muno.

Lachisanu, 28 Okutobala

Ndaphikanso ndiwo za anthu awiri. Galu wa aneba akunenepa.

Lamulungu, 30 Okutobala

Sindinapite kulikonse. Kolona ili pamsomali kuyambira tsiku la maliro. Ndinapempha chinthu chimodzi chokha m'moyo wanga, miyezi isanu, m'mawa ndi madzulo. Yankho ndinaliona. Ndiye tingokhala chete tonse awiri, Iye uko, ine kuno.

Ulaliki unandipeza pakhonde, chifukwa Ba Gabson ali ndi chimkuzamawu cha batire ya galimoto. Mutu wa lero: makina anga. "Aliyense wogwira makina aja na dzanja, chiwanda chimulowa kupitira m'zikhadabo! Ngakhale kupukuta fumbi chabe!" Mpingo: Ameni. Anabwereza katatu, kachitatu m'Chingerezi kuti chiwanda chimvetse.

Masana amayi ogulitsa pamsewu andipatsa moni ali tsidya lina la tala. Tomato wanga wabwerera yense. Iyenso walowedwa, kaya kudzera pati.

Lachiwiri, 1 Novembala

Galimoto yoyera yaima pabwalo cha m'ma 10 koloko. Atuluka Mai Hansa. Akalamba, afupika, avala nsalu yawo yoyera yozungulira thupi. Kalata yanga yowauza za maliro inawapeza mochedwa. Akupita ku Chipata kwa abale, kuli chikondwerero chawo cha nyali mkucha. Dalaivala anamutuma akaone kasupe wathu wa madzi otentha.

Sanandiuze kuti pepani. Anandigwira mutu ndi manja awiri, kanthawi ndithu, ngati akuyesa dzungu. Kenako: "Iwe Bornwell, waonda. Nyumba yako ili na fumbi." Chinyanja chawo n'cha ku Kamwala, sichidziwa "inu." E. ankawatcha Ba, akuti m'chinenero chawo ndi amayi. Nanenso ndinatero.

Ataona malaya pansi pa singano anakhala pampando wa E. osapempha. Ndinawauza zonse, za Ba Regina, za Ba Pasita, za Lamulungu. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Uyu? Uyu ni Ganesha. Amadya maswiti chabe, ona mimba. Eneless angamudye bwanji?"

Akuti amamuika poyambira ntchito iliyonse, chifukwa ndiye amachotsa zopinga panjira. Nthawi zina, akaona kuti njirayo si yabwino, amaikapo chopinga yekha. Kadontho kofiira n'ka mwambo wawo: kamodzi pachaka amapukuta zipangizo zonse zimene zimawadyetsa, sizasi, sikelo, makina, n'kuzidontheza kofiira, kuthokoza. "Munthu amathokoza amene amupatsa chakudya. Chitsulo ichi chinakudyetsa zaka zingati? Unachiuzapo zikomo?"

Ndinati ife tili ndi Mulungu mmodzi. Akuti nawonso. "Ana amanditcha Ba, kubanki amanditcha Misisi, malemu mwamuna wanga ankanditcha iwe. Ndine anthu atatu?" Ndinkafuna kutsutsa, ndinafika Fomu 3 ine, koma mkamwa munali switi yachikasu imene anandipatsa, yotsekemera mpaka mano kuwawa.

Kenako ndinafunsa chimene sindinafunsepo munthu. Ndinati Ba, ndinapemphera miyezi isanu, anafabe. Ndiye phindu lake n'chiyani?

Mwana wawo wamwamuna, Nilesh, anafa pangozi pamsewu womwe uno, kumapiri kuja kufupi ndi mlatho wa Luangwa. Ndinali nditaiwala. M'mawa wa tsikulo iwo anali atamupempherera, atamuika kofiira pamphumi.

"Ndinakwiya na Mulungu chaka chonse," anatero. "Nyali yake ndinali kuyatsa m'mawa uliwonse, koma osakamba naye. Monga kuphikira mwamuna amene mwayambana. Umaika mbale patebulo, mbwee, uchoka. Koma umaphika."

Ndinafunsa ngati anayankha.

"Si sitolo, Bornwell. Ine ndili na sitolo, ndiidziwa. Upereka ndalama, utenga nsalu. Pemphero si choncho. Iwe uchita mbali yako, zotuluka si zako. Tsiku lina ndinapeza kuti ndayamba kukamba naye, sindidziwa liti."

Akuti kwa iwo thupi lili ngati chovala, mwini wake sang'ambika nacho. Ndinati chovala cha E. ndinkachikonda chomwecho, ndi zigamba zake. "Inenso cha Nilesh," anatero. Sanawonjezere. Apa ndinawakhulupirira pang'ono. Ba Gabson akanawonjezera mavesi asanu.

Anaitanitsa kansanza ndi botolo la mafuta. Anapukuta makina onse, mpaka kumapazi. Anatulutsa kabokosi m'chikwama, chala m'kaufa kofiira, dontho latsopano pamwamba pa lakale. Ananong'ona mawu awo. Atatha anaimirira.

"Khala apa. Phazi apa. Osati monga upondaponda njoka, pang'onopang'ono."

Ndinati sindine telala. Akuti Eneless nayenso sanabadwe ndi bobini m'manja, anathyola masingano asanu ndi awiri sabata yoyamba ndipo anamudula pamalipiro. Ola lathunthu akundikalipira. Pochoka anandisiyira kanyali kadothi, kochepa ngati chikhatho, ndi masingano atatu. "Aya sindikudula."

Za Lamulungu sananene kanthu. Ndinawakumbutsa ali m'galimoto. Anangoti, "Makina ogona ali na eni ambiri."

Lachitatu, 2 Novembala

Singano imodzi yathyoka. Ulusi wapota chisa cha mpheta kunsi kwa nsalu. Ndayeserera pathumba la fetereza, osati pamalaya.

Phokoso lake. Sindinaganize za phokoso. Nditangoponda, nyumba inamveka ngati kale, ndipo ndinatembenuka kuti ndione ngati tiyi wafika. Ndinatuluka, ndinakakhala kumunda mpaka dzuwa litapendeka.

Lachinayi, 3 Novembala

Lero ndiye tsiku lawo la nyali. Dzuwa litalowa ndathira mafuta ophikira m'kanyali kaja, chingwe chake kachidutswa ka chitenje, ndayatsa pawindo. Ndatsitsa kolona pamsomali, ndaiika pambali pake. Sindinanene mawu alionse. Mbale patebulo, mbwee.

Mkazi wa aneba waona. Pofika mawa Chinyunyu yonse idzakhala itamva kuti ndikudyetsa njovu.

Loweruka, 5 Novembala

Yamva. Akuti mmwenye anabwera kudzaipatsa magazi atsopano, ndipo makina amasoka okha ine ndili kumunda. Zikanakhala zoona bwenzi mizere yake ili yowongoka.

Dzanja la malaya ndalumikiza. Ndasula kawiri. Kachitatu ndalisiya, ngakhale phewa lakwinyika ngati nkhope ya Ba Regina. Mzere wa E. ndi wanga akumana pansi pa khwapa. Wake uli ngati wojambula ndi rula. Wanga ngati njira ya woledzera. Koma agwirana.

Mawa abwera. Sindikudziwa chimene ndidzanene. Mwina "ndamva."

Lamulungu, 6 Novembala

Afika itangokwana 9 koloko, anthu ngati khumi ndi asanu, akuimba, wilibala patsogolo. Woyendetsa wilibala ndi Ba Phinias, mwamuna wa Ba Regina. Anandipeza nditavala malaya abuluu, chitseko chili chotsegula, makina akuwala pakati pa nyumba, chivundikiro chili chotsegulanso.

Nyimbo inathera pakhomo. Onse maso pa dontho lofiira.

"Ba Bornwell," anatero Ba Pasita, "tulutsani makina muike mu wilibala."

Apa ndi pamene ndinamvetsa. Iwo anawerengera kuti wonyamula ndine, poti ndine wolowedwa kale.

Ndinati, "Makina ndi awo, Ba Pasita. Ine sindikaniza. Koma sindinyamula. Eneless anati asachoke m'nyumba, ndiye manja anga sangawatulutse. Amene afuna, alowe atenge."

Mawu ambiri chonchi sindinalankhulepo chiyambire maliro. Ndinamva kutopa.

Ba Regina: "Phinias, lowa!"

Ba Phinias akuti msana. Wayamba dzulo. Anaugwira kuti tione pamene ukuwawa.

"Kofiira ako n'chiyani?" anafunsa mayi wina kumbuyo.

Ndinanena zoona zokhazokha: Mai Hansa anabwera Lachiwiri, anapukuta, anadontheza, anapemphera m'chinenero chawo. Zimene ananena sindinamve. Mpingo unabwerera m'mbuyo phazi limodzi, wonse pamodzi, bwino kuposa mmene kwaya imavinira.

"Ba Pasita ndiye agwire, ali na mafuta odzozedwa," anatero Ba Phinias, mwaulemu kwambiri.

Ba Gabson anayang'ana makina, anayang'ana zikhadabo zawo, anayang'ana anthu amene anawalalikira katatu sabata yatha. Anakweza manja kuti apemphere ali pabwalo pomwepo, ndipo mwa changu anaiwala, anakweza onse awiri. Tinamva tonse: kwee. Khwapa linatseguka mpaka m'nthiti.

Pemphero linali lalifupi. Mzimu unawauza kuti nthawi sinakwane, chiwanda cha mtundu uwu chifuna kusala kudya masiku makumi anayi. Ba Regina anati, "Nanga mayunifomu?" mokweza, asanadzigwire pakamwa. Anabwerera opanda nyimbo, wilibala ikulira yopanda kanthu.

Paja Ganesha amachotsa zopinga, nthawi zina amaziika. Kaya. Ine ndangolemba zimene ndaona.

Masana, anthu ali kumakwawo, Ba Gabson abweranso okha, kudzera njira ya kumunda, atavala shati yokha, kaphukusi m'khwapa. Anaima pakhomo, osalowa.

"Ba Bornwell, telala wina ali ku Chongwe. Na madzulo nili na mapemphero." Anatsokomola. "Nsalu chabe ndiye igwira makina, si ine."

Ndinalandira jeketeyo. Ndinawauza abwere 4 koloko, ndipo mzere ukhala wokhota.

Atapita ndinakhala pampando. M'makina munali ulusi wabuluu. Ndinafufuza m'kabati, m'dengu, osaupeza wakuda, ndipo ndinangomva pakamwa panga pakuti, "Eneless, ulusi wakuda unaika kuti?" Mokweza, ngati ali kuseri akutsuka mbale.

Ndinadikira pang'ono. Kenako ndinakumbuka: chitini cha mabisiketi, pansi pa bedi, mbali yake.

Ulimo. Ndalowetsa pasingano kachitatu. Phazi lili pachopondera.