Tambala wa Bambo ku Willowvale

Kambuzuma, Harare

Wokondedwa mlongo wanga Laston,

Ndikhulupirira kuti uli bwino ku Limbeko, pamodzi ndi mlamu wanga Loveness ndi ana. Kuno tilipo. Mwendo wa bambo wasiya kutupa, madzi akutuluka Lachiwiri lokha, ndipo ine ndikadali moyo ngakhale pakamwa pakopo pandiika m'mavuto.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni umaseka n'kudula.

Ndinakuuza kuti ndapeza laisensi yoyendetsa gonyeti, malole aakulu okoka ngolo aja, ndipo ndikufuna kampani yophunzitsa madalaivala atsopano. Ndinati usauze munthu. Dzuwa lisanalowe unali utawaimbira bambo kuti Febbie adzawabweretsa kumudzi pa lole, atakhala kutsogolo ngati bwana. Umaganiza chiyani? Munthu anachoka ku Ntcheu ali mnyamata, zaka makumi asanu akungoyamikira mbatata yakwawo, iwe n'kumuponyera mawu otere?

Makampani amene anandiyankha ndi awiri. Imodzi ili ku Msasa. Amaphunzitsa miyezi itatu, ndipo malipiro amayamba sabata yoyamba, osati ukamaliza. Mphunzitsi amakhala pambali pako mpaka uzolowere kubweza ngolo yaitali ija. Ndinayendera matayala awo limodzilimodzi, iwo akundiyang'ana ngati wamisala. Ndi abwino. Koma malole awo amapita ku Beira ndi ku Zambia basi, ndipo mkati muli kamera. Ukakweza munthu, ngakhale bambo ako okubala, ntchito yatha tsiku lomwelo.

Inayo ili pompano pa Willowvale, ndipo imadutsa pa Nyamapanda, Tete, mpaka ku Blantyre. Maphunziro awo ndi oti uzikwera ndi dalaivala miyezi isanu ndi umodzi, ukumanga zingwe ndi kumuphikira, chiwongolero uzichigwira iye akagona tulo. Nditafunsa za malipiro, kapitawo wake anati tidzaona. Anatinso laisensi yanga izikhala mu kabati yake kuti isatayike. Matayala awo ndi osalala ngati chipumi cha mwana. Ndinatuluka osatsanzika.

Tsono tamvera zimene wachititsa. Lachinayi la sabata yatha bambo anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kugwira tambala wofiira uja amene amamusungira Khirisimasi, ulendo wapansi ku Willowvale ndi mwendo womwewo. Anati ndi mmene anthu akwathu ankapezera ntchito m'mafakitale: wamkulu amapita kwa kapitawo ndi nkhuku, n'kumunenera mwana wake. Iwonso anawalowetsa choncho amalume awo.

Kapitawoyo, munthu wopanda manyazi, tambala analandira. Anawapatsa mpando, n'kuwatcha mudhara, ndiye kuti mkulu wolemekezeka, n'kuwalonjeza kuti ulendo woyamba wa ku Blantyre adzakwera ulere. Bambo anabwera akuimba. Anandiuza kuti nkhani yatha, akulu agwirana chanza, ine ndingokayamba. Ndinawakumbutsa kuti masiku ano ntchito imafuna mapepala, osati nthenga. Anandiyankha kuti mapepala ndinawasiya ndekha ku yunivesite, choncho ndisanyoze nkhuku.

Anandigonjetsa, Laston. Ine, Febbie, amene palibe kondakitala wa kombi, maminibasi a kuno, anandipambanapo kulankhula.

Kuyambira tsikulo akulongedza. Atsitsa bokosi lachitsulo lija. Kamunda kawo ka m'mphepete mwa msewu apatsa aneba, makasu omwe. Kutchalitchi alengeza kale, azimayi ayamba kubweretsa timaphukusi ta abale awo a ku Balaka ndi ku Dedza. Pabalaza palibe popondera.

Tsopano ndikuuze chimene sindinauze munthu. Ndinasaina kale ku Msasa, tsiku lomwelo iwo akuyenda ndi tambala. Ndiyamba Lolemba. Iwo akuganiza kuti ndizipita wapansi ku Willowvale, pomwe ine ndizikwera kombi ya m'tauni.

Usandiuze kuti ndisinthe. Ndagulitsa tomato pa siteji zaka zisanu ndi zinayi, anzanga amene ndinkawathandiza masamu akundipatsa moni ali m'galimoto, galasi atatsitsa theka. Ichi ndi chinthu choyamba chimene ndikuona kuti ndingachiyambe n'kuchimaliza. Sindikachitaya kuti ndikaphikire mwamuna wa eni pa Tete, kapena kukagubuduka ndi bambo anga pa phiri chifukwa cha tayala lakutha.

Koma nkhope yawo ndikuiopa. Ndinaiona tsiku lija ndinabwera ndi chikwama changa kuchokera ku yunivesite, chaka chachitatu chisanathe. Sanandikalipire. Anangonyamula chikwamacho n'kuchilowetsa m'nyumba. Sindikufuna kuionanso.

Ndiye tamvera. Lamlungu tikaweruka kutchalitchi ndiwauza ndekha, chifukwa wosaina ndine. Koma sindipita kwa iwo chimanjamanja. Ndikufuna ndikawauze kuti pa lole sakwera, koma mwana wawo wamwamuna akubwera pa basi kudzawatenga, tsiku lakuti, mwezi wakuti. Ubwere wekha, uwagwire dzanja pa malire, ukawafikitse ku Ntcheu akaone manda a amayi awo maso akadaona.

Sindikufuna kumva kuti tidzaona. Mawu amenewo ndawamva kale kwa kapitawo. Kalatayi ndaipatsira dalaivala wa basi ya mawa, ikupeza Lachisanu. Ukangoiwerenga undilembere tsikulo pa foni, ndipo usawaimbire iwo usanandiyankhe ine. Ukapanda kutero, Lamlungu ndidzakuimbira iwo ali pomwepo, ndidzakweza mawu a foni, uwafotokozere wekha chifukwa chake bokosi lawo likubwerera pamwamba pa kabati.

Undiperekere moni kwa Loveness, umuuze kuti ndimamumvera chisoni tsiku lililonse. Ana uwauze kuti azakhali awo akuphunzira kuyendetsa chinthu cha matayala makumi awiri ndi awiri. Mulungu akusungeni nonse, ndipo iwe akupatseko nzeru pang'ono.

Ndine mlongo wako wamkulu,
Febbie