Dzina la Dolores Lautsa Phokoso

Kelimane, 14 Ogasiti 1995

Amayi okondedwa,

Landirani moni wanga. Kodi mwendo uja unaleka kutupa? Nanga nyumba yatsopano ku Mongue munamaliza kufolera? Ife kuno tilipo, koma mtima wanga suli m'malo.

Mdzukulu wanu anabadwa, wamkazi, ndipo wakwanitsa masabata atatu. Ndinamutcha Dolores, dzina la namwino wa ku Sipeini uja wa kukampu ku Malawi. Mukukumbukira kuti nthawi ya kolera ndi iye ankandimwetsa madzi ndi supuni, inu mutapita kukaika mng'ono wanga Ofélia.

Dzinalo lautsa phokoso. Bambo a mwanayu, a Jaime, poyamba anavomera, koma anzawo a kudoko anawaseka. Akuti Dolores ndi dores, Chipwitikizi cha zowawa, ndiye kuti mwana tamutcha Mavuto mobisa. Apongozi anga atamva anakana kulitchula. Akuti munthu amene anathawa nkhondo zaka zisanu ndi ziwiri saitananso zowawa pakhomo. Mwana akangotsokomola, maso awo amagwera pa ine.

Ndinapita kwa akatekisiti. Iwo akuti ndi dzina laulemu la Chisipanishi, lokumbutsa chisoni cha Amayi Maria pamene ankaona mwana wawo pamtanda. A Belmira oyandikana nafe, ogulitsa nsomba aja, akuti onsewo sakudziwa kanthu, likuchokera ku madola, mwanayo adzalemera. Ndinaseka, koma nditalowa m'nyumba maganizo anabwereranso. Namwinoyo sindinamuonepo atakwinya nkhope, komabe zimene anasiya kwawo ndingazidziwe bwanji?

A Jaime akufuna kukalembetsa mwana ku rejisto mwezi wamawa, ndipo cholembedwa pa sedula, chikalata cha kubadwa chija, sichifufutika. Ndiye pempho langa ndi limodzi. Inu munaika mwana mmodzi n'kubwezeredwa wina sabata imodzimodzi, nkhaniyi sindingafunse wina. Ndiuzeni ngati dzinali lingalowe m'nyumba mwanu. Mukakana ndisintha, ndipo sindidzakwiya. Yankho mupatse achimwene a Celso akamabwera ndi nyemba, koma asachedwe.

Mundiperekere moni kwa amalume, kwa azakhali a ku Majaua, kwa alamu anga ndi ana onse. Za dzinali musawauze kaye. Kuno aliyense amangoti kamwana. Ine ndimamutchula dzina lake monong'ona pomuyamwitsa, pakakhala palibe wina m'nyumba.

Tsalani bwino, amayi.

Ndine mwana wanu,
Lucinda