Nkhata ya Tisungane

Kuesiteti ya tiyi, Thyolo
14 Juni 2023

Wokondedwa mwana wanga Tisungane,

Ndati ndilembe kalata chifukwa pafoni timangolirizana, mawu osamveka. Kuno chiperoni chakuta minda yonse, ndipo ndayambiranso kuthyola tiyi, ngakhale dengu likundilemera kuposa kale.

Unandiuza kuti ukufuna kusiya sukulu ku Norwayko ubwerere kuno, chifukwa bambo ako a Benard atamwalira, anthu akukusungawo anangokupatsa maluwa n'kukutsekera chitseko, osabwera n'komwe kudzakhala nawe pansi. Zinandiwawa, mwana wanga, mpaka ndinawatukwana mumtima. Koma tamva kaye za mwana wawo Lisa, amene a bungwe la Khomo Lotsegula anatipatsa m'malo mwako.

Tsiku la zovutalo, anthu atayamba kudzaza pakhomo, Lisa analowa kuchipinda kwako n'kudzitsekera. Azimayi a m'malaini anayamba manong'onong'o: "Mwaona? Miyezi yonseyi amadya thukuta la a Benard, lero akunyansidwa ndi maliro awo." Manyazi anandigwira pamwamba pa chisoni. Azakhali ako a Fainess, ukuwadziwa sachedwa kupsa mtima, anakankha chitseko kuti akamukalipire. Anamupeza ali pansi, maso ali psuu, atakumbatira chipewa cha bambo ako.

"Iwe, ukuliriranji mobisala ngati wakuba?" anamufunsa.

"Kwathu munthu akaferedwa timamupatsa mpata," anayankha m'Chichewa chake chothyokathyoka chija. "Ndimaopa kuwasokoneza amayi."

"Mayo ine! Kuno mpata umenewo ndi chipongwe," anatero a Fainess. Anamuveka chitenje ndi duku n'kudzamukhazika pambali panga, ndipo sanachokeponso.

Kumanda, woyendetsa mwambo ankaitana mayina a oyala nkhata. Atati, "Mwana woyamba wa malemu, Tisungane," panalibe wopita kutsogolo. Nkhata yako inali m'manja mwa mkulu wa mpingo, yopanda woilandira. Amalume ako a Winston anadzuka kuti ayale iwo, koma ine ndinamukodola Lisa. Anapita, anagwada pamtumbira, anaiyala bwinobwino, n'kunena mokweza kuti, "Ababa, iyi ndi ya Tisungane." Anthu analira, ndi onong'ona aja omwe.

Ukukumbukira kuti bambo ako ankakana za bungweli, ankati mwana sasinthanitsa ngati nkhuku. Amene anawatembenuza ndi a Justice, mphunzitsi wa ku Chimaliro amene analiyambitsa. Anawakumbutsa kuti makolo athu anabwera kuchokera ku Mozambique chimanjamanja, chilankhulo osachidziwa, koma anapeza owalandira. Anawafotokozera kuti anayamba n'kusinthanitsa ana asukulu akuno ndi a kutsidya kwa malire, kenako zinakula mpaka maiko akutali, koma lamulo likadali lomwe lija: mwana wosinthana si mlendo, ndi wapakhomo. Tsiku lotsatira bambo ako anapita okha kuboma kukakugulira chikwama.

Sindikubisira, ndakusowa kwambiri, ndipo ukanati utulukire lero pamsewu wa fakitale ndikanataya dengu n'kuthamanga. Koma usabwere usanamalize. Anthu amenewo sakudana nawe ayi. Akukulirira kuseri kwa chitseko, monga anachitira mwana wawo kuno, ndipo kumeneko kulibe a Fainess oti akankhe. Ukankhe wekha. Yala chitenje chako pabalaza, uwaitane, uwauze kuti kwathu woferedwa sasiyidwa yekha. Akakana kukhala nawe pansi, undiuze, ndidzapita ndekha kwa a Justice kukakuitanitsa. Koma sindikukhulupirira kuti angakane.

Akupereka moni azakhali ako, amalume ako ndi amayi a chigwirizano. Lisa nayenso akuti moni. Tsiku lometa anakhala nafe pamphasa n'kumetetsa tsitsi lake lonse lija, moti chiperonichi akuyendera chipewa cha bambo ako.

Amayi ake uwauze kuti mwana wawo anaika bambo ake akuno mwaulemu. Nawonso andisungire wanga.

Ndine mayi ako,
Rhoda