Pepala likuti mayi akudwala, koma ali bwinobwino

Aphungu,

Ndine wokonza tsitsi, ndili ndi kasaluni ka mipando iwiri. Chaka chatha tsitsi la mayi anga linayamba kuthothoka, ndiye ndinawapatsa mapilitsi a bayotini omwe ndimagulitsa pashelefu. Amamwa awiri m'mawa uliwonse.

Sabata yatha anawayeza magazi kuchipatala, pepala n'kunena kuti chithokomiro chawo chikugwira ntchito mopyola muyezo. Dokotala anawagwira pakhosi, kumvetsera mtima, n'kuwauza atambasule manja. Sananjenjemere m'pang'ono pomwe. Atawafunsa ngati akuwonda, mayi anaseka: "Ine kuwonda, mwanawe? Tafunsa sikelo yakoyo." Kenako dokotala anati, "Pali mankhwala amene akumwa?" Ndinayankha ndine: "Palibe." Zatsitsi n'zatsitsi basi.

Akuti tibwerere Lachinayi akayezenso, ndipo zikatuluka chimodzimodzi awayambitsa mankhwala ochepetsa mphamvu ya chithokomiro. Mayi akukana kubayidwanso. Ine ndikuti makina awowo ndi akufa. Ndipite ndikawalalatire?

T. M.

Mwanawe,

Ukalalatire ndani? Ine si dokotala, zanga ndinaphunzira pofunsa ndi kuwerenga, koma sindizungulira: amene angakhale atasokoneza zinthu ndi iweyo ndi "palibe" wako uja.

Bayotini akachuluka m'magazi amatha kupusitsa njira zina zoyezera chithokomiro, munthu wabwinobwino n'kuoneka wodwala papepala. Dokotalayo anaona kuti pepala ndi thupi sizikugwirizana, n'chifukwa chake anafunsa. Anagwira ntchito yake. Iwe unamutsekera khomo.

Usadikire Lachinayi. Mawa lomweli tsitsa botololo pashelefu, upite nalo kwa dokotalayo, awerenge yekha zolembedwapo. Umuuze kuti amamwa angati komanso anayamba liti. Iyeyo ndiye anene masiku oti asiye kumwa asanayezedwenso. Kawirikawiri amakhala awiri kapena atatu. Ukapita nawo Lachinayi atameza awiri m'mawa, pepala libwereza zomwezo, ndipo mayi ako angayambe mankhwala ofooketsa chiwalo chimene mwina chilibe mlandu.

Koma usathamangire kunena kuti sakudwala. Tsitsi kuthothoka nthawi zina imakhala nkhani ya chithokomiro chomwecho, choncho jakisoni wotengera magaziyo asamuthawe. Uwanyengerere, ndiwe unayambitsa.

Ndipo mukakalowa m'chipindamo, dokotala akafunsa funso, iweyo gwira botolo, pakamwa utseke. Mayi ako anayankha bwino za sikelo, zinazonso ayankha okha.

Aphungu