Pomwe Ndevu Anadula Tepi

Lolemba, 4 Malichi

Ndevu, woimba limba uja, ndiye anandilakwira. Ndilembe poyera, mwina mawa sindidzuka. Tili anyamata, gulu lathu linajambula chimbale chimodzi chokha, ine ndili pa ng'oma. Nyimbo imodzi inadzaza mbali yonse: iyambe ngati ya pamaliro, ithamange, ikhote, osabwereranso kumene yachokera. Pakati pake malemu mkazi wanga ankaimba yekha, kungokoka liwu, aaa, mpaka tsitsi kuima. Ndevu anatenga lezala n'kudula tepi pomwepo. Chimbale chinatuluka mayiyo mulibe. Chichokereni tsikulo sindinampatsenso moni.

Lachitatu, 6 Malichi

Mwana wanga wamkazi wandionetsa pa foni. Achinyamata achitulukira chimbale chathu, ati n'chozama. Chozama! Nthawi ija a pawailesi anati, "Nyimbo yanuyi munthu apita kumsika n'kubwerako isanathe." Kumalo ovinira ankatigenda ndi zotsekera mabotolo, ati mwendo sukudziwa potera. Lero kampani ina ikufuna kuchitulutsanso. Ati tisayine awiri otsala moyofe, ine ndi wa lezalayo.

Lachinayi, 7 Malichi

Sindisayina. Bondo likuwawa.

Loweruka, 9 Malichi

Wabwera wa lezala uja. Ndevu zija zayera ngati thonje, akuyendera ndodo. Asanakhale n'komwe: "Iwe gonthi, umathamangabe pa ng'oma?" Ndinati, "Mpando uwo, wakuba iwe." Ndinampatsa wofewa uja, msana wake ndimaudziwa.

Ndinamufunsa za lezala. Anayamba wamaliza tiyi, ndiye anati mbale ya galamafoni inachepa, singano ikanafika papepala la pakati nyimbo isanathe. Podula panali pawiri: pomwe ndimadzionetsa ndekha pa ng'oma, kapena liwu la mlamu wake, mkazi wangayo. Akuti mayiyo anamutsatira panja n'kunena kuti, "Dulani ine, alamu. Bambowa mukawadula sadya sabata yathunthu. Koma musawauze."

Ndinamunena wabodza. Koma kalankhulidweko n'kake ndithu. Ndipo kunyanyala chakudya ndinkanyanyaladi.

"Nanga zaka zonsezi osanena?"

"Ukanandipatsa moni ndikanayambira pamenepo."

Kachidutswa ka tepiko sanataye, akuti kali m'chitini pamwamba pa kabati. Potuluka anaiwala chipewa. Dala, ndikumudziwa.

Lamulungu, 10 Malichi

Ndamvera mbali yonseyo pa foni ya mwana, khutu labwinoli ndatsamiza. Limba la Ndevu likadali lokoma, galu ameneyu. Pofika pa ng'oma zanga ndinachita manyazi: kamnyamata kodzimva, ngati kakugwetsa mapoto pashelefu, osafuna kuleka. Zimenezi ndiye mkazi wanga anazipatsa malo ake.

Ndamuitana mwana, ndampatsa chipewa. Ndati, kawapatse a Ndevu, ukawauze kuti ndisayina, koma changa n'chimodzi. Atenge lezala lawo lija, adule ine, abwezeremo amayi ako. Ndiwamve ndisanawatsatire.