Kondowole mu lediyeta

Lolemba, 3 Febuluwale 1958
Mvula kuyambira m'mawa. Nkhalamba yakana kudzuka. Galimoto ya mishoniyi inatsala ku nkhondo, ine ndiye woyendetsa, ine ndiyenso makaniko wake. Mapulagi anyowa. Ndapukusa hendulo yolizira injini mpaka phewa kuwawa. Italira, giya yachiwiri kumangothawa. Abambo Padiri ataona: "Hubert, ikawonongekanso kamodzi, tiyiimika basi."
Isaime mwezi uno. Mkazi wanga Lettie ali ku Chia kwa mayi ake, ndi woyembekezera, masiku atha. Mwana woyamba tinamutaya chaka chatha kumudzi komweko. A Sisita a ku chipatala anachita kundigwira mkono: "Ulendo uno mkazi wanu asachilire kumudzi."

Lachitatu, 5 Febuluwale
Ndinapita ndi mankhwala ku Chia. Ndapempha apongozi kuti Lettie akadikirire ku Boma, pafupi ndi chipatala. Akana. Mpunga ukufuna kupalira, ati mwana wawo aziwaphikira olima. "Galimoto muli nayo, bambo, mukuopa chiyani?" Ndinangoseka. Ndikanati chiyani, poti ndine ndinkadzitama nayo pofunsira?
Lettie miyendo yatupa. Sanadandaule.
Pobwerera, timadzi kudontha pansi pa lediyeta. Kabowo ngati ka singano.

Loweruka, 8 Febuluwale
Kabowo kakula. Chidebe chimodzi cha madzi kupita ku Nkhunga, ziwiri pobwera. Ndapita mwakachetechete kwa a Hassani, fundi, mmisiri wa zitini kuseri kwa msika. Ati ndichotse lediyeta yonse ndiwabweretsere, awotcherere ndi mtovu. Kuchotsa ndi kubwezera, tsiku lathunthu galimoto ili chiyasamire pabwalo la mishoni, Abambo akuona pa zenera. Ayi.
Madalaivala a malole amathira ufa pang'ono m'madzi, ukatentha umamata bowo. Iwo amathira wa chimanga. Kwathu kuno ufa ndi wa kondowole, ndipo umamata kuposa. Ndathira dzanja limodzi. Kudontha kwaleka.
A Hassani atamva: "Achimwene, galimoto si mlendo kuti muiphikire."

Lachiwiri, 11 Febuluwale
Kwayambanso. Ndathira manja awiri. Mabuleki nawo akufuna kupopa katatu. Sipulingi yakumbuyo ndamanga ndi chingwe cha khonje. Thupi lonse kuphwanya. Ndatopa nayo galimotoyi, ndatopa ndi kunama kuti zonse zili bwino.
Ingopirira sabata imodzi. Ikatero aitaye m'nyanja, ndilibe nazo ntchito.

Lachinayi, 13 Febuluwale
Alamu anga a Sailesi anafika pa njinga nthawi ya kadzutsa, matope mpaka m'chiuno. Matenda ayamba dzulo, azamba alephera.
Galimoto inalira kamodzi kokha, ndinathokoza Mulungu. Titadutsa theka la njira, nthunzi. Ndinatsegula lediyeta ndi nsanza. M'katimo phala lokhaokha, lolimba, lomata, madzi osayenda. Ndinatokosa ndi waya, ndinathira madzi a m'dambo. Injini gwa. Hendulo osatembenuka ngakhale titagwira awiri.
A Sailesi anathamangira kumudzi. Anabwera ndi Lettie pa machila dzuwa litapendeka, anthu anayi, apongozi pambuyo. Lettie sakanatha kupitirira. Mvula inayamba. Tinamugoneka kumbuyo kwa galimoto, pansi pa tenti, amayi okhaokha m'katimo. Ife amuna tinaima patali, pansi pa mtengo wa mango.
Ndinamvetsera. Ndinamvetsera nthawi yaitali. Mvula yokha pa tenti.

Lachinayi, 20 Febuluwale
Lettie ali m'chipatala, a Sisita ati achira. Mwanayo anali wamwamuna. Amayi anakamuika okha, monga mwa mwambo, ine sindinamuone.
Apongozi sananditukwane. Akanatukwana bwenzi zili bwinoko. Anangoti: "Inatopa, bambo, ndi yakale." Onse akuti ndi ukalamba wa galimoto. Abambo Padiri nawonso. Za kondowole sindinawauze.
Ng'ombe zinaikoka Lolemba. Abambo sanaiimike, ati ikonzedwe, odwala ena akudikira. Ndachotsa lediyeta popanda wondifunsa kanthu. Ndatsuka ndi madzi otentha m'mawa wonse, zibuma za kondowole kumangogwa.
Ndapita nayo kwa a Hassani. Anayang'ana m'kati, anandiyang'ana ine. Anaika chitsulo chowotcherera pa makala.
Tiyi amene anandipatsa anali asanazizire pamene anati ntchito yatha.